Miyezi Isanu ndi Itatu Tili M'makatoni

1

Ndiyambe ndi kupepesa kwa a Weerakoon, loya wa m'tauni yathu ya Kurunegala. Bambo amene aja sanandilakwire kalikonse, koma kwa miyezi isanu ndi itatu dzina lawo linkanyozedwa m'nyumba mwanga katatu pa tsiku ngati mankhwala a kuchipatala. Woyambitsa ndinali ine.

Dzina langa ndine Tissa, mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ya anyamata. Ndakhala pabanja ndi Malkanthi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo mwana tili naye mmodzi, Nethmi. Chaka chimene Nethmi anasankhidwa kupita ku yunivesite mumzinda wa Kandy, apongozi anga, amenenso amakhala komweko, anagwa kubafa n'kuthyoka chiuno. Tinagwirizana zogulitsa nyumba imene bambo anga anandisiyira kuti tikagule ina ku Kandy. Malkanthi anaipeza yekha: ya khonde lalikulu, chitsime chakechake, yopanda masitepe ovutitsa nkhalamba. Mwini wake anati atidikira miyezi itatu.

Wogula yathu anapezeka msanga. Anali Mayi Fonseka, namwino wamasiye amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Kuwait, mawu awo ngati belu la sukulu. Tonse atatu tinapita kwa a Weerakoon.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa Malkanthi.

"Zikayenda bwino, masabata asanu ndi limodzi," anatero a loya. "Ndikafufuze m'mabuku a ku ofesi ya za malo, ndione kuti nyumbayi yadutsa m'manja mwa ndani zaka makumi atatu zapitazi. Khonsolo ipereke makalata ake. Woyeza malo atsimikize malire. Kenako musaina, ine ndidinda, mupatsana makiyi."

"Zikapanda kuyenda bwino?"

"Mayi, muno muli fayilo ina imene anaitsegula ndi malemu bambo anga."

Malkanthi anangomva za masabata asanu ndi limodziwo. Sabata yomweyo analongedza zonse m'makatoni, n'kusiya poto mmodzi, mbale zitatu ndi makapu atatu.

Sabata yachitatu a loya anandiimbira kusukulu. "A Tissa, mubwere. Nokha."

Nditafika anatambasula chikalata chakale chimene bambo anga anasaina pondipatsa nyumbayo, n'kuloza mzere wina ndi chala. Ndinawerenga. Ndinavula magalasi, ndinawapukuta, ndinawerenganso. Mawuwo sanasinthe.

"Popanda kukonza apa, nyumbayi simungagulitse," anatero.

"Ndipatseni masabata awiri, bwana. Koma akazi anga asamve."

"Ine sindinama, a Tissa."

"Sindikuti muname. Mungokhala chete."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Masabata awiri okha."

Zimene ndinawerengazo ndikuuzani kutsogoloku. Ine ndinazisunga miyezi isanu ndi itatu, ndiye inu pirirani pang'ono.

2

"Akuti chiyani a loya?" Malkanthi anandifunsa ndisanavule n'komwe nsapato.

"Akuti kalaliki wa ku khonsolo ali patchuthi."

"Ndinadziwa! Anthu amenewo amalowa ntchito kuti azipita kutchuthi."

Basi. Sanafunsenso. Apa m'pamene ndinazindikira chinthu choopsa: bodza lonamizira ofesi silisowa mboni. Aliyense kwathu kuno ali ndi nkhani yake ya mapepala ochedwa. Ndikangodandaula pang'ono pa nthawi ya tiyi kusukulu, aphunzitsi anzanga ankapikisana. Wina akuti buku la malo ake linadyedwa ndi chiswe. Wina akuti woyeza malo anayeza munda wa munthu wina n'kulipiritsa iyeyo. Ine ndinkangotola nkhanizo n'kukatula kunyumba, imodzi sabata iliyonse.

Buku la malo athu linapita kokamata. Litabwera kokamata, wosunga makiyi a kabati anapita kumaliro. Woyeza malo anadwala, anachira, kenako makina ake anadwala.

Mwezi wachitatu Mayi Fonseka anafika ndi galimoto itanyamula firiji.

"Kumene ndimachita lendi ndinatsazika kale," anatero. "Mwini nyumba akufuna kupenta. Firijiyi ingokhala pakhondepa masiku ochepa."

Sabata yotsatira inabwera kabati ya magalasi. Kenako maluwa a m'miphika okwana makumi awiri, ndi galu wonenepa dzina lake Sultan. Mwezi wachinayi usanathe anabwera eni ake, sutikesi m'manja.

"Achemwali, ndigona kuti ine? Pamsewu?"

Malkanthi anawapatsa chipinda cha Nethmi. Ndinkayembekezera kuti azikangana, mwina mpaka mayiwo kusiya zogula, ine n'kupuma. Ndinalemba m'madzi. Amayi awiriwo anagwirizana ngati ana a mimba imodzi, ndipo chimene chinawamanga pamodzi chinali chidani chawo pa a Weerakoon.

"Loya ameneyo ndi fulu," ankatero Mayi Fonseka akupala kokonati.

"Fulu amafika kumene akupita," Malkanthi ankayankha. "Uyo ndi mwala."

Poto anali mmodzi yemweyo. Ankaphika mpunga, kukhuthula, kutsuka, kuphika nyemba, kukhuthula, kutsuka, kuphika nsomba. Pofika nsomba, mpunga wazizira kalekale.

"Bwanji tingomasula katoni ya mapoto?" ndinayesa tsiku lina.

"Ayi! Ndikamasula ndiye kuti ndavomereza kuti sitichoka. Ndinamanga kamodzi, ndikamasulira ku Kandy."

Ndinadya mpunga wanga wozizira mwakachetechete, Sultan akundiyang'ana ngati akudziwa.

3

Musaganize kuti ndinangopinda manja. Loweruka lina ndinauza Malkanthi kuti ndikukakumana ndi munthu wodziwana ndi akuluakulu a ku ofesi ya za malo, n'kukwera basi yopita ku tauni ina, ku Matale. Ndinali ndi adiresi m'thumba la malaya. Ndinaipeza nyumbayo, ya geti lobiriwira. Ndinaima kutsidya kwa msewu pa kagolosale, ndinagula nthochi, ndinadya, ndinagulanso, ndinadya. Geti litangolira kuti likutseguka, miyendo yanga inandithamangitsira pa siteji ya basi isanandifunse maganizo.

Ulendo wachiwiri ndinafika mpaka pageti n'kukweza dzanja kuti ndigogode. Dzanjalo linapitirira n'kukakanda m'mutu.

Ulendo wachitatu mwini golosale anandipatsa mpando.

"Achimwene, ngati ndi ngongole, mayi amenewo sabwereka kwa munthu," anatero. "Ngati ndi chikondi, amuna awo anali msilikali."

Ndinagula nthochi n'kubwerera.

A Weerakoon ankandiimbira Lolemba lililonse.

"A Tissa, masabata awiri aja akwana kasanu ndi kawiri tsopano. Dzulo akazi anu andipeza kumsika ndikugula nsomba. Andifunsa pagulu ngati ndinaphunziradi za malamulo kapena ndinangogula jekete."

"Pepani, bwana. Sabata ino ndikonza."

"Mayi enawo, namwino aja, andiuza kuti aonapo anthu okomoka amene amagwira ntchito mofulumira kuposa ine."

"Sabata ino yokha, bwana."

Ndinkanena moona mtima. Lolemba lililonse ndinkakhulupirira kuti pofika Loweruka ndikhala munthu wina, wolimba mtima. Loweruka likafika, ndinkapezeka kuti ndine yemwe uja.

4

Mwini nyumba ya ku Kandy anatidikira miyezi itatu, n'kuwonjezera ina itatu chifukwa Malkanthi anamuchonderera. Mwezi wachisanu ndi chitatu anaimba foni m'mawa tikumwa tiyi. Anali atagulitsa kwa wina.

Malkanthi anaika foni patebulo pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anapita kukakhala pa katoni ya makatani n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu.

"Amayi ndinawauza kuti azidzawothera dzuwa pakhonde lija," anatero. "Anasankha kale ndi ngodya yake."

Apo m'pamene ndikanaulula. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Maofesi a dziko lino, iwe."

Mayi Fonseka anaimirira. "Achemwali, pukutani misozi. Valani. Lero loya ameneyo atiuza zoona, apo ayi galu uyu akagona pa mafayilo ake mpaka asaine."

"Lero Lachitatu, a loya amakhala kukhoti," ndinatero.

"Tikawadikira."

"Ine ndili ndi kalasi."

"Sukulu anatsekera Lachisanu lapitali, bambo a Nethmi," anatero Malkanthi. Anatsegula chikwama chake n'kutulutsa timapepala titatu, n'kutiyala patebulo ngati makhadi. Anali matikiti a basi. "Ndipo panjira mundifotokozere kuti ofesi ya za malo ya Kurunegala inasamukira liti ku Matale. Ndinawapeza pochapa mathalauza anu. Ndimati ndione ngati munena nokha."

Tinakwera tukutuku, kagalimoto ka matayala atatu, tonse, ine pakati, Sultan pamiyendo panga. Ndinkangopemphera kuti tayala liphulike.

A Weerakoon sanali kukhoti. Anali pa desiki pawo akudya banzi. Atationa anayang'ana pawindo, koma ofesi yawo ili pamwamba.

"Miyezi isanu ndi itatu!" anayamba Mayi Fonseka, ambulera ili m'mwamba. "Mayi woyembekezera akanakhala akulongedza zopita kuchipatala! Inu mwabereka chiyani?"

"Nyumba yatipita," anatero Malkanthi motsitsa mawu. "Amayi anga akugona pabalaza kwa mchimwene wanga. Ndingofuna mundiuze pepala limene latsala. Ndikalitenga ndekha, ngakhale ndi mano."

A loya anaika banzi pansi. Anandiyang'ana.

"A Tissa, munena inu kapena ndisiye ntchito ya uloya ndikagulitse mandimu?"

5

Ndinangotenga fayilo ija pa desiki, ndinatulutsa chikalata cha bambo anga, n'kuchipereka kwa Malkanthi, chala changa chili pa mzere uja.

Anawerenga mokweza. "Ndikupereka nyumbayi ngati mphatso kwa mwana wanga Tissa ndi mkazi wake Swarnalatha, aliyense theka."

"Swarnalatha ndiye ndani?" anafunsa Mayi Fonseka. "Achemwali, muli ndi mayina awiri?"

"Mkazi wanga woyamba," ndinatero, mawu akuchokera kumapazi. "Ndinakwatirapo ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Banja linakhala miyezi isanu yokha, linathera kukhoti. Bambo anatipatsa nyumbayi tsiku la ukwati, ndipo ine sindinawerengepo chikalatacho. Mwalamulo theka la nyumba ndi lake. Asanasaine iyeyo, sitingagulitse."

"Zina zonse zinatha sabata yachisanu," anawonjezera a loya mwachimwemwe cha munthu wotuluka m'ndende. "Khonsolo inayankha. Buku silinapite kokamata. Woyeza malo ali bwinobwino, dzulo ndinamuona akusewera mpira."

Ndinatseka maso kudikira kuti denga ligwe.

"Swarna wa ku Matale?" anatero Malkanthi. "Wamtali uja?"

Ndinatsegula maso.

"Ukumudziwa?"

"Amayi anu anandiuza sabata imodzi ukwati wathu usanachitike. Anandionetsa ndi chithunzi chomwe, kuti ndione mtundu wa mkazi amene iwo sagwirizana naye. Ndiye tsiku losaina kwa wolembetsa maukwati, inu munaphimba ndi chala pamene panalembedwa kuti banja lanu loyamba linatha. Munkaganiza kuti chala chanucho n'chachikulu bwanji?"

"Zaka zonsezi osanena?"

"Ine ndinene? Ndinakwatira Swarna ndine? Ndinkadikira kuti mwamuna wanga tsiku lina andiuze yekha." Anapinda chikalatacho bwinobwino. "Za mkaziyo sizinandipwetekepo, bambo a Nethmi. Koma munandiona ndikulira pa katoni m'mawa uno, inu n'kunena kuti maofesi. Munadya mpunga wozizira miyezi isanu ndi itatu mukundiyang'ana m'maso."

Anatembenukira kwa a Weerakoon n'kugwira manja pachifuwa. "Bambo, za jekete zija ndinalakwa."

"Za okomoka zija nanenso," anatero Mayi Fonseka, n'kutembenuza ambulera kuloza ine.

6

Loweruka tinapita ku Matale, Malkanthi patsogolo. Mwini golosale atandiona anayamba kudula nthochi, koma Malkanthi anali atagogoda kale.

Swarna ali ndi sukulu yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Anatuluka ali ndi makiyi m'manja, tsitsi layamba imvi, msinkhu uli womwe uja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye walowa lero? Ndinakuona maulendo onse atatu pawindo. Ndinabetcha ndi amuna anga kuti sudzagogoda. Ndinawina."

Malkanthi anafotokoza zonse pa tiyi, ine nditakhala pa kampando kakafupi pafupi ndi khomo. Swarna akanatha kufuna theka lake lonse, ndipo palibe khoti limene likanamukaniza.

"Nyumba imeneyo sindiifuna ngakhale njerwa imodzi," anatero. "Ndinakhalamo miyezi isanu ndipo sindinasekemo. Koma ndisaina pa zinthu ziwiri. Choyamba, kabati yanga ya zovala. Anandipangira ndi bambo anga ndi manja awo. Amayi a Tissa anakana kuti ituluke."

"Ya galasi lozungulira?" Malkanthi anafunsa. "Anandiuza kuti inali ya agogo awo a Tissa!"

"Mukayang'ane kuseri. Pali dzina langa."

"Ndikubweretserani ndekha, nditaipukuta. Chachiwiri?"

"Anene yekha, pamaso panu, chifukwa chimene ndinachokera."

Amayi awiriwo anatembenuka kundiyang'ana.

"Iwe ndi amayi munkakangana tsiku lililonse," ndinatero. "Za mchere, za makatani, za nthawi yodzuka. Ine ndinkatsala kusukulu mpaka dzuwa kulowa, ndikunamizira kuchonga mayeso. Sindinaikirepo kumbuyo aliyense. Ndinkaganiza kuti ndikakhala chete zitha zokha."

"Ndipo tsiku limene ndinkanyamuka?"

"Ndinabisala m'chimbudzi mpaka galimoto itapita."

"Ola lathunthu ndi theka," Swarna anauza Malkanthi. "Ndinazimitsa injini dala kuti ndione ngati atuluke."

Malkanthi anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anapukuta m'maso ndipo nkhope inagwa. "Kwa inu anabisala ola ndi theka. Kwa ine zaka makumi awiri ndi chimodzi."

M'basi pobwerera Malkanthi ankayang'ana pawindo mpaka titadutsa theka la njira. Kenako anati, "Kuyambira lero choipa chilichonse ndizichimva tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Mukadzandibisiranso, sindidzazimitsa injini ine."

Ndinalonjeza. Anandilola kunyamula chikwama chake.

7

Mukuganiza kuti tinasaina Lolemba lotsatira? Apa ndiye pamene kuchedwa kwenikweni kunayambira.

Dzina la Swarna pa chikalata linasiyana chilembo chimodzi ndi la pa chitupa chake, ndipo panafunika kalata yolumbira kuti ndi munthu mmodzi yemweyo. Makalata a khonsolo anali atatha mphamvu podikira ine, tinafunsiranso ena. Woyeza malo atabwera kudzatsimikiza komaliza, anapeza kuti khola la nkhuku la aneba lalowa phazi limodzi m'malo athu, ndipo anebawo anali ku ulendo wa chipembedzo ku India. Inadutsa miyezi ina isanu.

Zonsezi zinali zoona, koma palibe amene ankandikhulupirira. Ndikati, "Kalaliki wadwala," Malkanthi ankavala nsapato n'kupita kukamuona yekha kuchipatala, atanyamula malalanje. Mayi Fonseka ankapita nawo kukawerenga khadi la wodwalayo.

Tinasaina patatha chaka ndi mwezi umodzi. Nyumba imene tinapeza ku Kandy ndi yaing'ono, ilibe chitsime, ndipo khonde lake layang'anizana ndi malo owotcherera zitsulo. Apongozi amakhala pomwepo m'mawa uliwonse atatseka makutu ndi thonje. Ndikamadutsa amandipatsa moni mokuwa: "Wadzuka bwanji, mwamuna wa Swarna?"

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga, mukamva munthu akudandaula kuti mapepala a nyumba akuchedwa, mumvereni chisoni, chifukwa nthawi zambiri amachedwadi. Koma mumuyang'anenso m'maso. Pena fayilo imene yakanirira siili mu ofesi iliyonse. Ine ndinkaopa kuti choonadi chigwetsa banja langa, pamene mkazi wanga ankachidziwa asanavale n'komwe mphete. Chimene chinatsala pang'ono kutigwetsa ndi kukhala chete kwangako, ndipo chinatilanda nyumba imene sitidzaipezanso. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Ine ndinawuona kwawukwawuyo, ali ndi ambulera m'manja.

Malkanthi anandikhululukira, koma anati sadzadaliranso munthu kumuuza zimene zili kutali. Analembetsa sukulu ya Swarna ndipo anakhoza ulendo woyamba. Mwezi uliwonse iye ndi Swarna amatengana kukaona Mayi Fonseka ku nyumba yathu yakale. Ine amanditenga kuti ndizinyamula katundu. Ndimakhala kumbuyo, iwo kutsogolo, akukambirana za ine ngati ndinamwalira kalekale.

Sabata yatha ndinayesa kuikapo mawu. "Pepani, amayi, pamenepo sizinali choncho."

Onse awiri anandiyang'ana pagalasi.

"Taonani," anatero Swarna. "Wayamba kulankhula."

"Musamudzidzimutse," anayankha Malkanthi, akusintha giya. "Akadali wophunzira."